Mmene kanyenyezi kamasinthira maonekedwe a mawu pa kompyuta

Munthu akatsekera liwu pakati pa tinyenyezi tiwiri pa WhatsApp, *chonchi*, liwulo limatuluka m'zilembo zonenepa. Koma akachita zomwezo mu Markdown, liwulo limatuluka lopendekera, ndipo kuti linenepe pamafunika tinyenyezi tiwiri mbali iliyonse. Palibe amene analakwitsa pamenepa: tanthauzo la chizindikiro limadalira zimene okonza pulogalamu anasankha.

Markdown ndi kalembedwe kamene John Gruber anatulutsa m'chaka cha 2004, mothandizidwa ndi Aaron Swartz. Cholinga chake chinali chakuti munthu azigwiritsa ntchito zizindikiro zopezeka kale pa kiyibodi, ndipo zolembazo ziziwerengeka bwino ngakhale kompyuta isanazisandutse tsamba la pa intaneti. Pofuna kupendeketsa liwu, Gruber analola kanyenyezi kapena kamzere kam'munsi, monga mmene anthu ankachitira kale polemberana maimelo.

Chovuta n'chakuti kompyuta iyenera kuzindikira ngati kanyenyezi kakutsegula, kakutseka kapena kangoimira kuchulukitsa. Wolemba masamu akalemba 5*6*7 osasiya mipata, nambala 6 imapendekera, tinyenyezi n'kusowa, samuyo n'kuwonongeka. Kuti apewe zimenezi amayenera kuika chizindikiro cha \ patsogolo pa kanyenyezi kalikonse. Kamzere kam'munsi nako kanasautsa olemba mapulogalamu, chifukwa maina awo ambiri ndi olumikiza motere: dzina_la_fayilo.

Gruber sanalongosole zonsezi mwatsatanetsatane, choncho mapulogalamu ankamasulira mawu omwewo mosiyana. M'chaka cha 2014, gulu limene munali John MacFarlane ndi Jeff Atwood linatulutsa malamulo omveka otchedwa CommonMark. Za kupendeketsa ndi kunenepetsa zokha zinafuna malamulo 17, chiwerengero chodabwitsa pa kanthu kooneka kakang'ono chotere. Limodzi mwa malamulowo ndi lothandiza kwa mphunzitsi wa Chichewa: pakati pa liwu kanyenyezi kamagwira ntchito, koma kamzere kam'munsi ayi. Wofuna kuonetsa mphatikiram'kati wa nthawi yakale alembe ndi*na*pita. Akalemba ndi_na_pita, timizereto tidzangokhala mmene tilili.

MacFarlane mwiniwake anaona kuti malamulowo achuluka. M'chaka cha 2022 anatulutsa Djot, mmene kamzere kam'munsi kamapendeketsa ndipo kanyenyezi kamodzi kamanenepetsa, monga pa WhatsApp. Pamene pangakhale chisokonezo, wolemba amaika { patsogolo pa chizindikiro chotsegula ndi } pambuyo pa chotseka.