Maliro Opanda Siwa: Limbe m'Miliri Iŵiri

Munthu akaima pa phiri la Mpingwe amaona Limbe yense pansi pake, njanji ndi misika, ndi nyumba za Bangwe zitathithikana mbali inayo. Njanjiyo ndiyo inakuza tauniyi. Sitima inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo anthu anayamba kubwera kuchokera ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu kudzafuna ntchito. Anasiya abale kumudzi, komwenso kunali manda a makolo awo.

Chakumapeto kwa 1918, nkhondo ya Ajeremani ikutha, asilikali ndi amtengatenga akubwerera kwao, mliri wa fuluwenza unaloŵa m'dziko la Nyasaland. Nthendayi inali yodabwitsa chifukwa inkagwetsa anyamata ndi amayi a nyonga zao, omwewo amene amakumba manda ndi kuphika pa maliro. Adzukulu akadwala, womwalira amuika ndani?

Funso limeneli ndi lalikulu, pakuti maliro a ku Malaŵi ali ndi ntchito ziŵiri. Amaperekeza womwalira, komanso amachiritsa wotsala. Namfedwa sasiyidwa yekha. Amayi amagona naye m'siwa, abambo amachezera panja pa moto, nyimbo zimaimbidwa mpaka m'bandakucha. Wina amabwera ndi ufa, wina nkhuni, wina chipepeso chimene chimaŵerengedwa poyera ndi dzina lake. M'maŵa anthu amaona nkhope, ndipo pamenepo mtima umavomera kuti zachitikadi. Pambuyo pake pamabwera kumeta, kumene kumamasula wofedwa kuti abwerere kumunda ndi kumsika.

Patapita zaka zoposa zana, mwambo wonsewu unaduka mwadzidzidzi. Matenda a Covid-19 anapezeka m'dziko muno pa 2 Epulo 2020. Boma linafuna kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21, koma Bwalo Lalikulu linaletsa. Mu Ogasiti malamulo anatuluka akuti pa maliro pasapitirire anthu 50. Kwa anthu a m'maiko ena chiŵerengero chimenecho n'chokwanira; ku Bangwe sichikwana ngakhale amvano a mpingo umodzi ndi anansi a mzere umodzi wa nyumba.

Mwezi woŵaŵitsa unali Januwale 2021. Pa 12 nduna ziŵiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Ku chipatala cha Queen Elizabeth odwala anachuluka, mpweya wothandiza kupuma ukupereŵera. Mwezi usanathe, woimba Wambali Mkandawire nayenso anatsikira kuli chete.

Amene anamwalira ndi nthendayi ankaikidwa msanga, bokosi losatsekula, oika atavala zodzitetezera thupi lonse. Mayi amene anasiya mwamuna wake pa khomo la chipatala sanamuonenso nkhope. Anabwerera ku nyumba yachete, anansi akumupepesa chapatali kapena pa lamya, ena akuopa ngakhale kuloŵa pabwalo pake. Ana anamva za imfa ya kholo ali ku Johannesburg, osatha kubwera. Chakudya pakhomo chinalipo mwina, koma tulo ndi mtendere wa mumtima zinasoŵa, chifukwa chisoni chimene mudzi wonse umagaŵana chinatsikira pa munthu mmodzi.

Katemera anafika mu Malichi 2021, ndipo pang'onopang'ono malamulo anafeŵetsedwa. Mabanja ambiri anasunga maliro awo ngati ngongole. Asilamu anachita sadaka, Akhristu anaitanitsa mapemphero a chikumbutso, ndipo m'nyengo yachilimwe, anthu atakolola, anasonkhana kudzaona ziliza. Pamenepo m'pamene amalume anayankhula mawu amene sanayankhulidwe tsiku loika, nsima inaphikidwa m'miphika ikuluikulu, ndipo amayi amasiye ena analira mokweza koyamba, patapita chaka chathunthu.