Madzi mu injini: nzeru yomwe inakhwimira kunkhondo

Abale a m'gulu lino, sabata ino tisiye kaye ndakatulo, tilowe m'galaja.

Makaniko amene anatsegulapo injini yopsa gasiketi akuuzani kuti silinda yomwe munkadonthera madzi imapezeka yoyera mbee, zinzake zili bii ndi mwaye. Madziwo akasanduka nthunzi amasupula mwaye pamutu pa pisitoni. N'chifukwa chake ena amadontheza madzi mu kabuleta injini ikulira, ati kuitsuka.

Komatu amene anayamba kuthira madzi mu injini mwadala sankaganiza zotsuka ayi. Mutu unkawapweteka ndi kugogoda: mu silinda mukatentha kwambiri, mafuta ena amaphulika okha m'malo moyaka bwinobwino, mpaka pisitoni kubooka. Madzi akawazidwa ngati nkhungu amaziziritsa mpweya wolowa, kugogoda kuja n'kuleka. Mathirakitala a Rumely OilPull, omwe anayamba kupangidwa ku America mu 1910, ankayendera parafini, ndipo ankamwa madzi pachifukwa chomwechi.

Nzeruyi inakhwima pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Ndege ya America ya P-47 Thunderbolt inkanyamula thanki ya madzi. Ajeremani nawo anali ndi MW 50, madzi ndi methanol pafupifupi theka ndi theka, mu ndege za Messerschmitt Bf 109. Zikafika pothina, woyendetsa ankapeza mphamvu yowonjezera kwa mphindi zochepa chabe, zokwanira kuthawa mdani kapena kumupeza.

Gawo londisangalatsa ine ndi la 1962, pamene Oldsmobile inatulutsa galimoto ya Jetfire, yokhala ndi turbo komanso kathanki ka madzi osakaniza ndi methanol. Madziwo anawapatsa dzina lonyadira: Turbo-Rocket Fluid. Akatswiri anawerengera zonse kupatula mwini galimoto. Ndege ili ndi anthu oisamalira tsiku ndi tsiku. Bambo wothamangira kuntchito m'mawa angakumbukire kathanki? Madzi akatha, galimoto inkadzichepetsera yokha mphamvu ya turbo kuti injini isawonongeke, eni ake n'kumadandaula kuti yafooka. Jetfire inatha mu 1963, ndipo ambiri anakachotsetsa turbo n'kuikitsa kabuleta wamba.

BMW inabweza nzeruyi mu 2016 pa M4 GTS, thanki ya malita 5 ili kubuti.

Tsono tibwerere kwa uja wagwira botolo pakamwa pa kabuleta. Kuyambira pa thirakitala mpaka pa BMW, madzi ankalowa mwamuyeso, osakanikirana ndi mpweya. Mpweya umapanikizika, madzi ayi. Dzanja likangotsetsereka, madzi n'kulowa ambiri mu silinda, pisitoni ikamakwera imakumana ndi chinthu cholimba ngati mwala, ndipo chitsulo choigwira chija, amati konirodi, chimapindika kapena kuthyoka, nthawi zina mpaka kuboola injini m'mbali.