Foni ya pa Katondo Street ndiye woweluza

Pa 31 July 2014, Zambia inakhala dziko loyamba kulandila app ya Internet.org. Facebook inagwilizana ndi Airtel kuti munthu azitsegula Facebook, Wikipedia, Go Zambia Jobs ndi masamba ena ocepa olo alibe bundle. Ambili a ife timakumbukila cabe kuti zinali zamahala. Koma masamba aja anawapanga opepuka mwadala, cifukwa kampaniyo inali itapsa kale zala.

Aliyense wopanga app samayamba kujambula batani lililonse yekha. Amatenga toolkit, ndiye kuti bokosi la zida zopangidwa kale: mabatani, ma menu, malo olembamo. Apa pali njila ziwili. Ungalembe code imodzi yoyenda pa Android ndi pa iPhone pomwe, nchito yolemba ndi yoyesa n'kucepa, koma foni imasenza katundu woonjezela. Kapena ungalembele foni iliyonse payokha, app n'kumathamanga bwino, koma uzalemba kawili ndi kuyesa kawili.

Facebook inasankha njila yoyamba, ya HTML5. App inali yozizila maningi, moti mu September 2012 Mark Zuckerberg anavomela poyela kuti kudalila kwambili HTML5 ndiye kunali kulakwitsa kwakukulu kwa kampani yake. Caka comweco anailembanso, ya iPhone payokha, ya Android payokha.

Vuto silinathele pamenepo, cifukwa anali kuiyesela ku California, pa mafoni odula ndi intaneti yothamanga. Mu 2013 gulu la mainjiniya awo linabwela ku Africa, n'kugula mafoni amene anthu wamba amagwila. Bundle ya mwezi wathunthu inatha m'mphindi 40. App inali kugwa cifukwa memory inali yocepa. Atabwelela anasintha zinthu, ndipo mu 2014 analengeza kuti data imene app imadya yatsika ndi theka, nthawi yotsegukila yatsikanso ndi theka, ndipo kukula kwa app kwacepa ndi 65 pelesenti.

Mu June 2015 kunabwela Facebook Lite, yosafika ngakhale 1MB. Nchito yolema inasamukila ku ma seva a kampani, foni n'kutsala ndi yoonetsa cabe. Ndi nzelu imene Opera Mini inationetsa kale pa ma Nokia athu. Mtengo wake unalipo: zokongoletsa zinacepa, ndipo network ikacoka, app imatsala ndi zocepa zoti ikuonetse. Olo n'conco, pofika kumayambililo kwa 2017 anthu 200 miliyoni anali kuiseŵenzetsa mwezi uliwonse. Mu October 2015 kampaniyo inayambitsanso 2G Tuesdays: Laciwili lililonse wanchito akafuna, intaneti yake anali kuicedwetsa kwa ola limodzi kuti alawe zimene ena amalawa tsiku lililonse.

Mkangano wa njila ziwili zija sunathe. Mu 2015 Facebook inatulutsa React Native, kuyesanso code imodzi ya mafoni onse. Airbnb inaitenga, koma mu 2018 inaisiya, itaona kuti m'malo mosamalila mbali ziwili, inali kusamalila zitatu. Mu December 2018 Google inatulutsa Flutter 1.0, imene imajambula yokha ciliconse pa sikilini. Maonekedwe amafanana pa foni iliyonse, zimene zimapeputsa kuyesa, koma app imanyamula injini yake, ndiye imalemelako.

Manje nkhani yafika pakhomo pathu. Kucokela pamene BongoHive inayamba mu 2011, acinyamata a mu Lusaka amene amapanga ma app aculuka. Ciyeso cimene cinagwetsa Facebook cikutidikila nafenso. App imayenda bwino pa laputopu ku Kabulonga kapena pa Wi-Fi ya ofesi ku Woodlands. Koma wogula wako ali mu minibasi yocoka ku Kulima Tower kupita ku Chelstone, wagwila Itel yodzala ndi mavidiyo a WhatsApp, bundle yatsala pang'ono. Wina ali pa msika wa Kabwata, malaiti apita, batile ili pa 9 pelesenti. App ikazungulila cabe osatseguka, saidandaulila aliyense. Amaifufuta, n'kubwelela ku USSD ya mobile money, imene ilibe cithunzi olo cimodzi koma imagwila nchito pa foni ya mabatani.

Sitikukamba kuti Flutter ni yoipa kapena React Native ni yabwino. Gulu la anthu awili lilibe ndalama zolembela app kawili, ndiye code imodzi ingakhale nzelu. Koma nthawi imene mwapulumutsa polemba, ibwezeni poyesa. Facebook inacita kukwela ndeke kuti ipeze foni yoyesela. Ise ni kutsika cabe mu tauni, kugula foni yochipa pa Katondo Street, kuzima Wi-Fi, kuika bundle ya tsiku limodzi, n'kuŵelenga masekondi.