Udani Umene Unadza pa Zambezi

Anthu a ku Livingstone, amene amapumula pa mthunzi ku Mukuni Park, amaudziwa mtsinje wa Zambezi cifukwa ca mathithi ace. Koma madzi omwewo akafika ku Tete ndi ku Sena amapita pa malo pamene panagwa mwazi cifukwa ca mlandu wocokera kutali.

Mlanduwo unayamba ku Spain. M'caka ca 711 Asilamu anaoloka nyanja kucokera kumpoto kwa Africa, nalanda dzikolo. Mzinda wa Córdoba unasanduka likulu lao, ndipo pafupi ndi caka ca 785 mfumu Abd al-Rahman I inayamba kumangamo mzikiti wa nsanamira mazana-mazana. Asilamu, Akristu ndi Ayuda anakhala mu mzinda umodzi, nthawi zina mwa mtendere, nthawi zina ai. Mu 1236 mfumu yacikristu Ferdinand III inalanda Córdoba. Mzikitiwo sanaugumule, anausandutsa nyumba ya mapemphero ya Akristu, ndipo ulipobe mpaka lero. Granada, linga lotsiriza la Asilamu, linagwa mu 1492.

Apwitikizi, anansi a anthu a ku Spain, analeredwa m'nkhondo zomwezo. Cotero pofika pa Zambezi, napeza amalonda acisilamu akugula golidi ndi minyanga ya njobvu, sanaone alendo koma adani akale, nawacha dzina lomwelo la kwao, lakuti Mouros.

Mu 1561 wansembe Gonçalo da Silveira anabatiza mfumu Mwene Mutapa, koma patangopita masabata owerengeka mfumuyo inalamula kuti aphedwe. Apwitikizi anati amalonda acisilamu ndiwo anamneneza kuti ndi mfiti ndi kazitape. Francisco Barreto anatumidwa ndi asilikari kukalipsira, ngakhale maso ace anali pa migodi ya golidi. Anafika ku Sena mu 1571. Posacedwa akavalo anayamba kufa, anthu nadwala. Lero tidziwa kuti cigwa ca Zambezi ndi dziko la kashembe ndi udzudzu wa malungo, koma iwo anati Asilamu a pa Sena athira mankhwala m'madzi ndi mu msipu. Anawagwira, nawapha mwa nkhanza yoopsa, anthu amene anawalandira bwino pofika.

Imfa sinaleke pa msasapo. Barreto mwini wace anamwalira ku Sena komweko mu 1573, migodi ija asanaione.