Kukula kwa chuma ndi kusintha kwa nyengo m'Malawi

Kukula kwa chuma ndi kuwonjezeka kwa katundu ndi ntchito zimene dziko limapanga pa chaka. Kusintha kwa nyengo ndi kusokonekera kwa kagwedwe ka mvula, katenthedwe ndi kaombedwe ka mphepo kwa zaka zambiri, kumene gwero lake lalikulu ndi mpweya wochokera ku malasha, mafuta a galimoto, mafakitale ndi kuwonongedwa kwa nkhalango. Mpweya umene Malawi amatulutsa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa maiko olemera, koma mavuto ake amaligwera dzikoli mwamphamvu chifukwa anthu ambiri amadalira ulimi wa mvula, ndipo magetsi ambiri amachokera ku mtsinje umodzi wa Shire.

Mmene nyengo yabwezera chuma m'mbuyo

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la pa Kapichira m'boma la Chikwawa, ndipo dziko linataya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Zigayo, mashopu owotcherera zitsulo, ometa tsitsi ndi ogulitsa zakudya za m'firiji anagwira ntchito modukizadukiza.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakantha chigawo cha kummwera. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 anasiya nyumba zawo. Kafukufuku wa boma ndi mabungwe othandiza anapeza kuti zowonongeka zinaposa madola 500 miliyoni a ku America. Chaka chotsatira, ng'amba yodza ndi El Niño inachititsa kuti maboma 23 mwa maboma 28 alengezedwe kuti ali pa ngozi.

Ngozi zotere zimadya chuma kawiri. Choyamba, mbewu, ziweto, milatho ndi misewu zimawonongeka. Chachiwiri, ndalama zimene zikanamangira masukulu, zipatala ndi misika yatsopano zimathera pokonza zogumuka ndi kugula chimanga kunja. Lipoti la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse la 2022 linachenjeza kuti popanda kuchitapo kanthu, kusintha kwa nyengo kungachepetse chuma cha Malawi ndi pakati pa 3 ndi 9 peresenti pofika 2030.

Pamene phindu la lero limawononga la mawa

Mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Malonda a makala amapatsa ndalama wowotcha, wonyamula pa njinga ndi wogulitsa m'tauni, koma phiri likatha mitengo, madzi a mvula amathamanga osalowa pansi. Nthaka yachonde imakokoloka, mlimi amafuna feteleza wochuluka kuti akolole zomwe ankakolola kale, ndipo matope amakathera mu Shire. Matope ndi zinyalala zimenezi zimachepetsa mphamvu ya makina opangira magetsi pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Magetsi akamazimazima, mabanja a m'tauni amabwerera ku makala, ndipo mitengo ina imagwa. Motero thumba la makala logulidwa motchipa ku Blantyre limalipiridwanso ndi mlimi wa ku Nsanje ndi mwini chigayo wa ku Zomba.

Mfundo zimene dziko likutsata

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, ali ndi nsanamira zitatu: ulimi wopindulitsa ndi wamalonda, mafakitale, ndi kukula kwa mizinda. Kusamalira chilengedwe kunaikidwa pakati pa zinthu zothandiza kuti nsanamirazi ziime. Pansi pa Pangano la ku Paris la 2015, Malawi analonjeza mu 2021 kuti pofika 2040 adzachepetsa mpweya wake ndi 51 peresenti poyerekeza ndi mmene ukanachulukira popanda kusintha kalikonse. Gawo la 6 peresenti dziko lidzalikwaniritsa ndi chuma chake, ndipo la 45 peresenti likudalira thandizo la maiko ena. Kugawa kumeneku kukusonyeza kuti dziko losauka silikupemphedwa kusiya kutukuka, koma kusankha njira yotukukira.

Zina mwa njirazi zayamba kale. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, anatsegulidwa mu 2021, ndipo a ku Golomoti m'boma la Dedza, a mamegawati 20, mu 2022. Ntchito yaikulu ya ulimi wamthirira m'chigwa cha Shire cholinga chake n'chakuti alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje asadalire mvula yokha. Lamulo la nkhalango limene linakonzedwanso mu 2020 linakhwimitsa zilango kwa owotcha ndi ogulitsa makala popanda chilolezo.

Zofunika kwa alimi, amalonda ndi mabanja

Mlimi amateteza zokolola zake pobzala mbewu zocha msanga ndi zopirira ng'amba, kusakaniza chimanga ndi nandolo, mawere, chinangwa kapena mbatata, kuphimbira nthaka ndi mapesi m'malo mowatentha, kuthira manyowa, kusunga mitengo ya msangu m'munda ndi kusalima m'mphepete mwa mitsinje. Uthenga wa kagwedwe ka mvula umaperekedwa ndi nthambi yoona zanyengo ndipo umafika kudzera pa wailesi ndi kwa alangizi a zaulimi.

Wamalonda ayenera kugula makala kwa okhawo ali ndi chilolezo, ndi kumanga mosungira katundu pamalo okwera. Banja logwiritsa ntchito mbaula ya chitetezo limawononga nkhuni zochepa kusiyana ndi lophika pa mafuwa atatu.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Ofuna mbande ndi malangizo a kasamalidwe kake angafunse ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lawo.