Mkaidi Nambala 3/75 ndi Njira Zotsekedwa

Sabata ino tiyambe taika pambali za kwaya ndi za chitukuko cha parishi, tibwerere m'mbuyo pa mbiri imene imatikhudza ife a ku Ntcheu kuposa mmene ambiri timaganizira.

Amene anayendapo pa msewu waukulu kuchokera pa Biriwiri kulowera ku Lizulu akudziwa kuti m'malo ambiri malire athu ndi Mozambique ndi msewu womwewo. Munthu amagula kachewere mbali ino, n'kukamwa tiyi mbali inayo, popanda womufunsa chiphaso. Kwa ife malire ndi chinthu chopepuka. Koma mu ulamuliro wa chipani chimodzi, kuyambira 1966 mpaka 1993, boma linkawalondera malirewo usana ndi usiku, ndipo katundu amene linkaopa kwambiri kuti angawoloke sanali chimanga kapena fodya, koma nkhani. Pofuna kuti nkhani isayende, ankagwira munthu woinyamula: wam'dziko ankamutsekera kapena kumumana pasipoti, mlendo ankamupirikitsa, ndipo wothawira kunja ankamulondola komweko.

Malamulo ake analipo, olembedwa bwinobwino. Kuyambira 1965 boma linali ndi mphamvu zosunga munthu m'ndende popanda kumuzenga mlandu. Lamulo la 1966 linkalola kulanda katundu wa aliyense amene wayesedwa mdani wa dziko. Mu 1968 kunabwera bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, lokhala ndi mphamvu zoletsa chilichonse chimene silinakondwere nacho. Atolankhani akunja amene analemba zosakomera boma ankatchedwa P.I., kutanthauza mlendo woletsedwa kupondanso m'dziko muno, ndipo kwa zaka zambiri kunali kovuta kuti mtolankhani wakunja akhazikike m'Malawi.

Tsono apa ndi pamene Ntcheu ikulowa. Mu Januwale 1975 apolisi anagwira mnyamata wina wa boma lathu lino, a Sam Mpasu, amene anaphunzira ku Chancellor College ndipo anagwirapo ntchito ku ofesi za kazembe wa Malawi kunja. Tchimo lawo linali buku lanthano lotchedwa Nobody's Friend. Akuluakulu a zachitetezo anaganiza kuti bukulo likunena Pulezidenti. Sanawatengere kukhoti. Anangowapatsa nambala, 3/75, kusonyeza kuti ndi munthu wachitatu kutsekeredwa mwa njira imeneyi m'chaka chimenecho, n'kukawataya kundende ya Mikuyu ku Zomba, kumene anakhala zaka ziwiri. Taganizani: chaka chisanathe ndi mwezi umodzi womwe, anthu anali atakwana kale atatu.

Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti amene ankayendetsa makina otsekera anthuwo analinso ana a konkuno. A Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress komanso nduna mu ofesi ya Pulezidenti, anali a ku Ntcheu. A Focus Gwede, mkulu wa apolisi a Special Branch, analinso a ku Ntcheu. M'masiku awo Mikuyu inadzaza ndi aphunzitsi, ogwira ntchito m'boma ndi ophunzira, ambiri a iwo ochokera kumpoto. Choncho ife sitingafotokoze mbiri imeneyi ngati anthu ongolakwiridwa basi. Wogwidwa anali wathu, wogwira analinso wathu. Anamwa madzi a mitsinje yomweyi, ndipo mwina makolo awo anavinira limodzi ngoma.

Kumapeto kwa 1976, a Mpasu akadali m'kati, awiriwo nawonso anagwidwa pa mlandu woukira boma. Anawazengera m'khoti la mafumu, mmene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. A Muwalo ananyongedwa mu 1977. A Gwede chilango chawo chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, ndipo anakalawa Mikuyu yomwe ija, mpaka anatulutsidwa mu 1993. Ena amaseka akamva zimenezi, amati choipa chitsata mwini. Ine sindiona choseketsa. Kugwa kwa anthu awiriwa kunatsegulira akaidi ambiri zitseko mu 1977, n'zoona, koma malamulo aja sanakhudzidwe ngakhale limodzi. Anangosintha ogwira makiyi. Mu Sepitembala 1987 mphunzitsi wa pa Chancellor College, mlakatuli Jack Mapanje, analowa mu Mikuyu momwemo popanda mlandu, ndipo anatuluka mu Meyi 1991.

Kuthawira kunja nakonso sikunali chitetezo. A Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa, maloya amene ankalankhulira ufulu wa Amalawi ali ku ukapolo, anagwidwa pa 24 Disembala 1981 cha kumalire a Chipata, tsiku limene Akhristu amakonzekera Misa ya usiku wa Khrisimasi. Anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983, chilangocho n'kusinthidwa pambuyo pake. A Orton anamwalirira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo mayi Vera anatuluka mu Januwale 1993. A Attati Mpakati anaphedwa ku Harare mu 1983. Mtolankhani Mkwapatira Mhango, amene ankalembera nyuzipepala zakunja ali ku Lusaka, anamutenthera m'nyumba mu Okutobala 1989, ndipo anafa pamodzi ndi akazi ake awiri ndi ana. Mabungwe oona za ufulu wa anthu analoza chala akazitape a boma la Malawi. Izi zinachitika patangopita miyezi isanu Papa Yohane Paulo Wachiwiri atacheza m'dziko muno.

Mukawerenga mutu 7 wa buku la mneneri Amosi mupeza kuti nzeru imeneyi ndi yakale. Amaziya, wansembe wa ku Betele, sanatsutse kuti zonena za Amosi n'zabodza. Anakamuneneza kwa mfumu, kenaka anamuuza kuti achoke, azikalosera kwawo ku Yuda. Sanalimbane ndi uthengawo. Analimbana ndi malo amene mneneriyo waima. Ndipo musaiwale kuti wochita zimenezi anali munthu wa kukachisi.

Chimene chinasokoneza dongosolo lonseli chinachokera pafupi nafe, ku Balaka, kunyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort, chipani chomwe chija chimene chinayamba utumiki wake m'dziko muno pa Nzama mu 1901. Kumeneko anasindikiza mwakachetechete makope 16,000 a kalata ya Aepiskopi: 10,000 m'Chichewa, 5,000 m'Chitumbuka ndi 1,000 m'Chingerezi. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalatayo inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika dziko lonse nthawi imodzi. Pakati pa zina, inadandaula poyera za kutsekera anthu popanda mlandu, za kuletsa mabuku ndi za kusowa kwa ufulu wolankhula. Ambuye Gervazio Chisendera a dayosizi ya Dedza anali m'gulu la osainira. Boma linali litazolowera kugwira munthu mmodzi pa bwalo la ndege kapena pa chipata cha m'malire. Nanga likanagwira yani pamene uthenga walowa m'makutu a anthu zikwizikwi m'mawa umodzi, ndipo aliyense wapita nawo kumudzi kwawo wapansi?

Komabe linayesa njira zake zakale. Aepiskopi anaitanidwa kupolisi ku Blantyre, kumene anafunsidwa kwa maola ambiri. Kalatayo inalengezedwa kuti ndi youkira boma, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Nyumba yosindikizira ya ku Balaka inayatsidwa moto. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anagwidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Pa Lachisanu Loyera, 17 Epulo, Monsinyo John Roche, wa ku Ireland, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, analamulidwa kuchoka m'dziko pasanathe maola 24. Anathamangitsa wosaina mmodzi, koma kalata inatsala m'mabokosi ndi pansi pa mphasa. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa lamulo lokhululukira onse amene anathawa pa zifukwa zandale kuti abwerere kwawo.

Malamulo oyendetsera dziko amene tili nawo tsopano analembedwa ndi anthu okumbukira zimenezi. Ndime 36 imateteza atolankhani, ndipo ndime 39 imapatsa munthu aliyense ufulu woyenda m'dziko muno, wotuluka ndi wobwereranso. A Mpasu anasindikiza buku la moyo wawo wa m'ndende mu 1995, anakhala nduna, kenaka Sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Sindikuwaika m'gulu la oyera: mu 2008 khoti linawapeza olakwa pa nkhani yogula makope a ana asukulu, ndipo anapitanso kundende. Koma taonani kusiyana kwake. Ulendo wachiwiriwu panali mlandu wotchulidwa, woweruza ndi loya. Mu 1975 panali nambala yokha.

Chizolowezi chakale chija sichinafe ndi Mikuyu. Mu Epulo 2011 boma la a Bingu wa Mutharika linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa cha zimene analembera akuluakulu ake. Pa zionetsero za pa 20 Julayi chaka chomwecho anthu pafupifupi 20 anaphedwa, atolankhani anamenyedwa, ndipo atsogoleri a mabungwe anabisala. Mu Sepitembala moto unabwereranso ku Balaka, ulendo uno panyumba ya mbusa MacDonald Sembereka, mmodzi mwa otsogolera zionetserozo. Mu Ogasiti 2019, mu ulamuliro wa a Peter Mutharika, nyumba ya a Timothy Mtambo ku Lilongwe inaponyeredwa bomba la petulo. Kumayambiriro kwa 2024, mu ulamuliro wa a Lazarus Chakwera, mtolankhani Gregory Gondwe anakakamizika kubisala atalemba za ndalama zogulira zida za asilikali.