Pamene Zambezi unali msewu wa sitima

Ana athu ambiri amadziwa Zambezi ngati mtsinje woolokera pa mlatho wa ku Tete. Lero ndikufuna tikumbutsane kuti kale mtsinjewu unali msewu, ndipo zimene zinkayenda pamsewuwo zinasintha madambo ake ndi nyama zokhalamo.

Azungu asanabweretse sitima, anthu a m'mbali mwa mtsinje ankayenda pa mabwato osema, atanyamula mchere, nsomba zouma ndi minyanga. Opalasa ankadziwa pamene pali mchenga, pamene pagona mvuu, ndi nyengo imene madzi amadzaza.

Mu 1858 David Livingstone analowa mu Zambezi ndi sitima yoyendera nthunzi, dzina lake Ma Robert. Inkadya nkhuni zambiri, moti anthu ake ankatha masiku akudula mitengo kuti iyende mtunda wochepa. Atafika pa mathithi a Cahora Bassa, kumtunda kwa Tete, anaona kuti sitima singadutse. Anabwerera, ndipo mu 1859 anakhotera mu Shire, mtsinje umene umathira mu Zambezi kumunsi kwa Mutarara. Atapitirira phiri la Morrumbala anafika pa dambo lalikulu la mabango ndi gumbwa, kumene anaona njovu pafupifupi 800. Dambolo, limene lero lili m'Malawi, analitcha Elephant Marsh, kutanthauza dambo la njovu.

Njira imeneyi inakula msanga. Pangano la 1891 la Portugal ndi Britain litasainidwa, Angerezi anapatsidwa malo ku Chinde, pamathiriro a Zambezi. Katundu wochokera kunyanja yamchere ankasamutsidwira m'sitima zazing'ono zokwera mpaka ku Chiromo. Pokwera zinkanyamula nsalu, amishonale ndi amalonda, pobwerera zinkatsitsa minyanga ndi zokolola. Alenje a mfuti anachuluka. Lero ku dambo lija kwatsala mvuu, ng'ona ndi mbalame za m'madzi, koma njovu kulibe. Latsala dzina lokha.

Sitima za pamadzi nazonso zinatha. Mu 1922 njanji yochokera ku Beira inafika m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana unalumikiza Sena ndi Mutarara. Chinde anasanduka tauni yoiwalika.

Kuno kwathu nkhani yofanana nayo ili ku Marromeu, dambo la kumathiriro a Zambezi lotchuka ndi njati. Dambo limakhala ndi moyo chifukwa cha madzi osefukira. Madzi akafalikira udzu umaphuka, nsomba zimaswana, ndipo mlenje sangafike kumene nyama zabisala. Damu la Cahora Bassa litatsekedwa mu 1974, kusefukira kwa chaka ndi chaka kunachepa. Dambo linayamba kuuma, moto wolusa unalowa, ndipo alenje anapeza njira. Pa nkhondo imene inatha mu 1992, njati zimene zinali zikwi makumi angapo zinatsala zikwi zochepa chabe. Mu 2004 dera la Marromeu linalembedwa pa pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo njati zayambanso kuchuluka.

Ine ndikamaphunzitsa mbiri imeneyi ndimaika madambo awiriwa pamodzi pa bolodi. Limodzi linataya njovu zake, lina lidakali ndi njati. Kenako ndimatuma ana kwa agogo awo kukafunsa kuti madzi ankafika pati damu lisanamangidwe, ankaopa nyama ziti popalasa, ndipo nkhwazi ndi akakowa ankapezeka kuti. Mabuku anasunga mayina a sitima, koma zimene opalasa bwato ankadziwa zili m'kamwa mwa okalamba, ndipo okalambawo akutha. Yesani m'kalasi mwanu sabata ino, ana alembe mayankhowo m'Chinyanja monga momwe agogo awanenera.